Mtsikana amene adataya mfuti m'nyanja

Pamene tikuphunzitsa ana lamulo lacisanu, kawirikawiri timachula mpeni, nkhwangwa, mfuti ndi ciphe, popeza izi ndizo maso amaona. Koma munthu angathe kupha mnzake osamukhudza ndi dzanja. Angamuopseze, angamutseke pakamwa, angamutalikitse kwa abale ake, mpaka wosaukayo ayambe kukhulupirira kuti njira imene yamutsalira ndi imfa yokha. Kupha kwa mtundu umenewu ndiko tifuna kukambirana lero, ndipo citsanzo tacitenga pa filimu yakale ya ku England yochedwa Brighton Rock, imene idatuluka m'caka ca 1948.

Ena mwa inu afunsa kuti filimu ya zigawenga ikufuna ciani pakati pa maphunziro a katekisimu. Maganizo athu ndi awa. Filimu imeneyi si ya ana aang'ono. Koma makolo, ankhoswe, akatekista ndi acinyamata amene akukonzekera ukwati angapindule nayo kwambiri, ngakhale atangomva nkhani yake, cifukwa imaika poyera zinthu zitatu zimene anthu timakonda kubisa: mantha a m'banja, cikhulupiriro codziwa gehena koma cosadziwa cifundo, ndi m'mene munthu amakankhidwira ku imfa ndi yemwe amati amamukonda.

Mafilimu a mdima

Dzina lakuti film noir ndi la Cifalansa, ndipo limatanthauza filimu yakuda. Olemba za mafilimu a ku France adayamba kuligwiritsa nchito m'caka ca 1946, ataona mafilimu a ku America amene sadathe kuwaona pa nthawi ya nkhondo yaciwiri ya dziko lonse, monga The Maltese Falcon ya 1941 ndi Double Indemnity ya 1944. Zithunzi zake n'zoyera ndi zakuda cabe. Zambiri zimacitika usiku, m'misewu yonyowa ndi mvula, m'nyumba zomwera mowa ndi m'zipinda zothina. Anthu ake ndi mbava, opha anzawo, apolisi otopa ndi anthu wamba amene adaponda molakwa kamodzi n'kulephera kubwerera.

Angerezi nawonso adapanga mafilimu otere, ndipo Brighton Rock ndi imodzi mwa zochuka kwambiri. Adaitsogolera ndi John Boulting, mothandizana ndi mbale wake Roy Boulting. Nkhani yake idacokera m'buku la dzina lomwelo limene Graham Greene adatulutsa mu 1938. Greene adabadwa mu 1904, adalowa Mpingo wa Katolika mu 1926 ali wamkulu kale, ndipo adalemba nawo mawu a m'filimuyi. N'cifukwa cake funso la chimo, la gehena ndi la cifundo ca Mulungu lili pakatikati pa nkhaniyi. Wosewera ngati mtsogoleri wa zigawenga ndi Richard Attenborough, yemwe pambuyo pake adadzatsogolera filimu ya Gandhi mu 1982 ndi ya Cry Freedom mu 1987, yonena za Steve Biko.

Brighton ndi mzinda wa m'mphepete mwa nyanja kumwera kwa England, kumene anthu a ku London amapita kukapumula. Kumeneko amagulitsa switi wautali ndi wolimba ngati kandodo, amene dzina la mzindawo lidalembedwa m'kati mwake kuyambira nsonga ina mpaka ina, kotero kuti paliponse pamene munthu angalume amawerenga dzina lomwelo. Switi ameneyu ndiye adapereka dzina la buku ndi la filimu, ndipo tidzabwerera kwa iye patsogolo.

Nkhani yake

Zikucitika m'caka ca 1935. Pinkie Brown, mnyamata wa zaka 17, akutsogolera kagulu ka zigawenga kamene kamalanda ndalama kwa anthu a njuga pa mpikisano wa akavalo. Mtsogoleri wawo wakale, Kite, adaphedwa nyuzipepala itaulula za magulu otere, ndipo iwo akuimba mlandu mtolankhani Fred Hale. Fred atabwera ku Brighton pa nchito yosiya timakadi ta mphoto m'malo osiyanasiyana, akumuthamangitsa pakati pa khamu la anthu osangalala, usana ukuwala, popanda womuthandiza. Pinkie akumupha pa mlatho wautali wolowa m'nyanja, m'kasitima ka masewera kodutsa mumdima.

Pofuna kusokoneza apolisi, mmodzi wa gululo, nkhalamba yochedwa Spicer, akupitiriza kusiya timakadi tija kuti aoneke ngati Fred adali moyo nthawi imeneyo. Koma m'lesitilanti ina, mtsikana woperekera zakudya, Rose, akuzindikira kuti amene adasiya kakadi sadali Fred. Kuyambira pamenepo moyo wa Pinkie uli m'kamwa mwa Rose, cifukwa masiku amenewo ku Britain wopha munthu ankanyongedwa. Pinkie akuyamba ndi kumuopseza, kenaka akumufunsira, ndipo potsiriza akumukwatira ku ofesi ya boma, popeza lamulo la kumeneko silinkakakamiza mkazi kucitira umboni wotsutsa mwamuna wake. Spicer naye akumupha pomugwetsa kucokera pamwamba pa masitepe a nyumba.

Pali mayi wina, Ida Arnold, woimba m'magulu osangalatsa alendo, amene adaceza ndi Fred kanthawi kocepa tsiku limene adafa. Apolisi atseka nkhaniyo, koma Ida sakukhutira. Akufunsafunsa, akupita kwa Rose, akumucenjeza. Poona kuti ukonde ukumuzinga, Pinkie akuganiza zocotsa Rose. Akumuuza kuti posacedwa agwidwa ndi kunyongedwa, ndiye kuli bwino afere limodzi, koma Rose ayambe. Iye alibe colinga comutsatira. Usiku wa mvula akupita naye pa mlatho uja n'kumupatsa mfuti. Rose akuzengereza, popeza amadziwa kuti kudzipha ndi chimo. Pa nthawi yomweyo Ida akufika ndi apolisi, motsogozedwa ndi Dallow, mnzake weniweni wa Pinkie. Rose akuponya mfuti m'nyanja, ndipo Pinkie pothawa akugwera m'madzi n'kufa.

Ciwawa cimene sicisiya cipsera

Filimuyi itatuluka, ena mwa olemba m'manyuzipepala a ku Britain adaidzudzula cifukwa ca malezala amene zigawenga zimacekana nawo kumaso pa bwalo la akavalo. Ifenso sitikondwera ndi magazi. Komabe tikuona kuti nkhanza yoopsa kwambiri m'nkhaniyi ndi imene Pinkie akucitira Rose, ndipo cida cake cacikulu ndi lilime.

Taonani m'mene akuyendera. Poyamba akumuuza nkhani za zimene zimagwera anthu olankhulalankhula. M'bukumo amayenda ndi kabotolo ka asidi m'thumba, namufotokozera za mtsikana wina amene adaonongedwa nkhope. Kenaka akusanduka wokoma mtima, akumutenga kokayenda, ndipo ataona korona ya Rose akumuuza kuti nayenso ndi Mkatolika, adaimbapo kwaya. Rose ndi mwana wa amphawi, sadayambe wasamalidwapo ndi wina aliyense, ndipo kukoma mtima kocepako kukumukwanira. Akuluakulu adati cikomekome ca nkuyu m'kati muli nyerere. Atamukwatira, akumuphunzitsa kuona aliyense wofuna kumuthandiza ngati mdani. Pomaliza akutenga cikondi ca mtsikanayo n'kucisandutsa cingwe comukokera ku imfa: ngati umandikonda, usandisiye ndife ndekha.

Njira imeneyi siidathere ku Brighton wa 1935. Mwamuna wouza mkazi wake kuti ukaulula ndikupha, kapena kuti ukandisiya ndidzipha ndipo mlandu udzakhala wako, akugwiritsa nchito cida comweco ca Pinkie. Mawu otere ena amawamva ngati cizindikiro ca cikondi cacikulu. Ife tikuti ndi kuopseza, ndipo kuopseza ndi kuphwanya lamulo lacisanu. Pa phiri paja Ambuye Yezu adaphunzitsa kuti lamuloli limafika mpaka ku mkwiyo ndi ku mawu onyoza, monga tiwerenga pa Mateyo 5:21-22. Ngati mawu onyoza ali ndi mlandu pamaso pa Mulungu, nanga mawu okankhira munthu kumanda?

Tionenso za ukwati wawo. M'bukumo Rose ali ndi zaka 16, ndipo Pinkie akupeza cilolezo ca makolo ake powapatsa ndalama. Makolowo akukangana za mtengo osafunsa kuti mnyamatayo ndani. Mpingo umaphunzitsa kuti cimene cimamanga ukwati ndi kuvomera kwa awiriwo mwaufulu ndi moona. Malamulo a Mpingo a 1983 amanena pa nambala 1103 kuti ukwati wolowa cifukwa ca kukakamizidwa kapena mantha aakulu suli ukwati, ndipo nambala 1098 imanena cimodzimodzi za ukwati wopezedwa mwa cinyengo pa cinthu cacikulu. Nambala 1153 imalola mkazi kapena mwamuna kucoka pamene mnzakeyo waika moyo wake kapena wa ana pangozi. Papa Fransisko adabwereza zimenezi mu 2016 m'kalata yake Amoris Laetitia, pa nambala 241, kuti nthawi zina kupatukana kumakhala kofunika pofuna kuteteza wofooka. Kwathu kuno boma nalo lidaika lamulo nambala 29/2009 lolimbana ndi nkhanza zocitira amayi m'banja, ndi lamulo nambala 19/2019 loletsa kukwatitsa ana osakwana zaka 18. Kotero nkhoswe wobweza mkazi woopsezedwa ndi imfa, namuuza kuti banja n'kupirira, asaganize kuti akulankhula m'dzina la Mpingo.

Katekisimu wa theka

Cimene ciyenera kutidetsa nkhawa ife ophunzitsa n'cakuti Pinkie adaphunzira katekisimu. Amanyoza anthu osakhulupirira, ndipo amanena motsimikiza kuti gehena iliko, ndi moto wake ndi mazunzo ake. Koma Rose atamukumbutsa za kumwamba, iye akuyankha mokayika. Adatola theka limodzi la ciphunzitso, theka linalo n'kulisiya panjira.

Katekisimu wa Mpingo wa Katolika, amene adatuluka mu 1992, amachula pa nambala 2091 ndi 2092 macimo awiri otsutsana ndi ciyembekezo. Loyamba ndi kutaya mtima, pamene munthu aleka kuyembekeza kuti Mulungu angamukhululukire. Laciwiri ndi kudzinyenga, pamene munthu ayembekeza kukhululukidwa popanda kutembenuka mtima. Pinkie ali nawo onse awiri. M'bukumo amadzitonthoza kuti adzalapa pa mphindi yotsiriza, koma tsiku limene adani ake adamuzinga ndi malezala adapeza kuti mantha sasiya mpata wa pemphero. Nthawi zina amadziona ngati wotayika kale, ndipo wotayika kale saopa kuonjeza chimo pa chimo.

Rose nayenso wavulazidwa ndi ciphunzitso ca theka. Akukhulupirira kuti pokwatiwa kunja kwa chalichi wadzitsekera yekha khomo la kumwamba, ndipo poti latsekeka, kuli bwino akapsere limodzi ndi mwamuna wake kusiyana ndi kumusiya yekha. Mtima wake ndi wabwino, koma palibe adamuuza kuti khomo la kulapa silitsekeka munthu ali moyo, ndiponso kuti palibe amene angapulumutse mnzake podziononga yekha.

Apa ndi pamene tiyenera kudzifunsa za m'mene timaphunzitsira. Kuopseza ana ndi moto n'kosavuta, ndipo kumaakhazika cete msanga. Gehena ndi coona ca cikhulupiriro cathu ndipo sitiyenera kuibisa. Koma mwana amene wamva za moto kakhumi, za mwana wolowerera kamodzi kokha, adzakula akudziwa Mulungu ngati wapolisi. Tsiku limene adzagwa m'chimo lalikulu, kapena kutenga pathupi ali pasukulu, kapena kuononga ndalama za fodya za bambo ake, adzathawa Mulungu ndi makolo omwe, cifukwa sadaphunzire kuti pali njira yobwerera. Petulo ndi Yudasi onse adalakwira Ambuye usiku umodzi, ndipo onse adamva cisoni. Petulo adalira n'kukhalabe pakati pa abale. Yudasi adapita yekha.

Zimene Mpingo umaphunzitsa pa za kudzipha

Pa nkhani imeneyi m'midzi mwathu muli mphekesera zambiri, ndiye tifotokoze bwino. Katekisimu amaikamba pa nambala 2280 mpaka 2283. Coyamba, moyo ndi wa Mulungu. Ife adatipatsa kuti tiusunge, sitili eni ake. N'cifukwa cake kudzipha ndi coipa cacikulu: kumatsutsana ndi kudzikonda koyenera, kumavulaza banja ndi mudzi, ndipo kumakana cikondi ca Mulungu. Caciwiri, kuthandiza kapena kulimbikitsa wina kuti adziphe ndi kuphwanya lamulo la Mulungu. Mlandu wa pa mlatho paja ndi wa Pinkie. Cacitatu, matenda a maganizo, nkhawa yaikulu, kapena mantha aakulu a mazunzo zingacepetse mlandu wa munthu wodzipha. Cacinayi, sitiyenera kutaya mtima za cipulumutso ca anthu amene adadzipha, popeza Mulungu ali ndi njira zodziwa yekha zowapatsira mpata wolapa, ndipo Mpingo umawapempherera.

Pa nthawi imene Greene ankalemba, zinthu zidali zolimba kuposa lero. Malamulo a Mpingo a 1917 ankamana mwambo wa maliro wa Cikhristu munthu amene adadzipha mwadala, ndipo ku England kudzipha kudali mlandu wa boma mpaka 1961. Malamulo a Mpingo a 1983 sachulanso odzipha pakati pa omanidwa maliro. Ciphunzitso cakuti moyo ndi wa Mulungu sicidasinthe. Cimene cidakula ndi kumvetsa kwathu za ululu wa m'maganizo, umene umatha kuphimba nzeru za munthu monga malungo aakulu amacitira. Tsono banja limene lataya mwana mwa njira imeneyi lisasalidwe. Tipite kumaliro, tiphike, tiimbe, tipereke Misa, monga timacitira ndi wina aliyense.

Malembo Oyera sabisa kuti ngakhale anthu a Mulungu adafikapo pofuna kufa. Mneneri Eliya adagona pansi pa kamtengo m'cipululu napempha imfa, ndipo Mulungu adamuyankha ndi mkate, madzi ndi tulo asanamuuze china ciliconse, monga zilili pa 1 Mafumu 19. Sara mwana wa Raguele, atanyozedwa ndi wanchito wa m'nyumba, adaganiza zodzipha, koma atakumbukira cisoni cimene cikadagwera bambo ake adatembenukira ku pemphero. Izi zili m'mutu 3 wa buku la Tobiti. Ku Filipi, mlonda wa ndende adasolola lupanga poganiza kuti akaidi athawa, ndipo Paulo adafuula mumdima kumuletsa, namuuza kuti onse alipo. Usiku womwewo mlondayo adabatizidwa pamodzi ndi banja lake lonse, monga tiwerenga m'mutu 16 wa Nchito za Atumwi.

Bungwe la zaumoyo pa dziko lonse limanena kuti anthu oposa 700,000 amadzipha caka ciliconse. Ambiri mwa iwo amaonetsa zizindikiro: amadzipatula, amagawa katundu wawo, amalankhula ngati otsanzikana, amati ndine mtolo kwa inu. Tikamva zotere tisaseke, tisakalipe, tisati akufuna kutiopseza cabe. Timufunse munthuyo mosabisa ngati akuganiza zodzipha, popeza kufunsa sikudzala ganizolo, kumangotsegula khomo loti alankhule. Tisamusiye yekha. Ticotse pafupi naye ciliconse cimene angadzipweteke naco, ndipo tipite naye ku cipatala, uku tikudziwitsa wansembe kapena mtsogoleri wa mphakati. Pa za ana pali nambala yaulere ya 116 ya Linha Fala Criança. Pemphero ndi cipatala sizilimbana. Mulungu yemwe adatuma mkate kwa Eliya ndiye adapatsa anamwino nzeru.

Mayi wolowerera za eni

Amene akupulumutsa Rose si wansembe kapena katekista. Ndi Ida, mayi wokonda mowa ndi phwete, wosapita ku chalichi, amene Rose yemwe amamuona ngati wosadziwa kanthu za Mulungu. Fred sadali mbale wake, Rose si mwana wake. Apolisi adamuuza kuti nkhani idatha. Iye adapitirizabe, mpaka kudzinamiza kuti ndi mayi wa Rose kuti amulole kulowa m'nyumba ya zigawenga. Winanso ndi Dallow, cigawenga cimene cidatsata Pinkie pa zoipa zonse, koma cikumbumtima cake cidakana pamene adamva kuti mtsikana wosalakwa afa.

Izi zikutikumbutsa fanizo la pa Luka 10, m'mene wansembe ndi Mlevi adalambalala, ndipo wovulala uja adatoledwa ndi Msamariya. M'mudzi, mkazi akamalira usiku uliwonse, nyumba zoyandikana zimamva. Timati za m'banja mwa eni salowerera. Mwambi umenewu uli ndi malo ake pa mikangano ya ndiwo ndi mcere, koma pamene moyo uli pangozi, makolo omwewo adatisiyira wina: mwana wa mnzako ngwako yemwe. Kukauza ankhoswe, mfumu, akuluakulu a mphakati kapena apolisi kuti m'nyumba yakuti muli munthu woopsezedwa ndi nchito ya cifundo, ngakhale woopsezedwayo atatikwiyira monga Rose adakwiyira Ida.

Komabe pa cinthu cimodzi sitigwirizana ndi Ida. Pofuna kutsegula maso a Rose, akumuuza kuti anthu sasintha, ali ngati switi uja: ulume pena paliponse, dzina ndi lomwelo. Monga cenjezo kwa mtsikana woganiza kuti cikondi cake cidzasintha wopha anthu, mawuwa ali ndi nzeru, ndipo atsikana athu awamve: kusintha mtima wa mwamuna wankhanza si katundu woti mkazi asenze ndi moyo wake. Koma monga ciphunzitso ca za munthu, mawuwa ndi olakwa. Akadakhala oona, sakramenti la kulapa likadakhala lopanda nchito, Saulo sakadasanduka Paulo, ndipo cigawenga ca pa mtanda sicikadalonjezedwa Paradizo. Pinkie naye adakhulupirira zomwezo za iye mwini, kuti dzina la gehena lidalembedwa m'kati mwake kuyambira nsonga mpaka nsonga, ndipo bodza limeneli ndilo lidamuononga. Munthu angasinthe ndi caulere ca Mulungu. Koma kusinthako kumaoneka ndi nchito zake, ndipo pamene tikukudikira, wofooka akhale pamalo otetezeka.

Mbale yokalika

Tsiku la ukwati wawo, Rose adapempha Pinkie kuti ajambule mawu ake pa mbale ya galamafoni, kuti akhale ndi cokumbukira. Pinkie adalowa m'kanyumba kojambulira, nayamba ndi kunena kuti akudziwa mawu acikondi amene Rose akufuna kumva, kenaka n'kukhuthula cidani cake conse ndi matukwano. Rose adalibe galamafoni, ndipo adasunga mbaleyo ngati cuma. M'buku, nkhani imatha Rose akucokera kokalapa kwa wansembe wokalamba, akupita kunyumba kukamvera mbaleyo, wowerenga akudziwa zimene zikumudikira. M'filimu adasintha. Pinkie adayesa kuiphwanya koma adangoikala, ndiye pamene Rose akuiimba pamaso pa asisitere amene angomuuza za kuzama kwa cifundo ca Mulungu, singano ikukakamira pa mawu acikondi aja n'kumawabwerezabwereza. Rose akumwetulira, ndipo cithunzi cikukwera n'kuima pa mtanda wa pakhoma.

Anthu amagawanika pa mathero amenewa. Ena amati ndi cifundo ca Mulungu cimene cabisira mwana wosauka coonadi cimene sakadatha kusenza tsiku limenelo. Greene mwini adanenapo kuti woonera wocenjera adzazindikira kuti tsiku lina Rose adzasuntha singanoyo n'kumva zotsalazo. Ife tikuti kusankha nthawi yonenera coonadi ndi nzeru, ndipo wamasiye sauzidwa zonse tsiku la maliro. Koma citonthozo cokhazikika pa bodza sicikhalitsa. Tsiku limene singano idzadumpha, Rose adzafunika anthu omuzungulira, omuuza kuti ngakhale Pinkie sadamukonde, iye ndi wokondedwa, ndipo kuti mtengo wake sudalembedwe pa mbale ija. Mtanda wa pakhomawo ndiwo umanena za cikondi cimene sicisintha mawu pakati pa njira.

Za Pinkie mwini, filimu siigamula kumene adapita, ndipo ifenso sitigamula. Mpingo walengeza maina a oyera ambirimbiri, koma sudachulepo dzina la munthu ndi kunena motsimikiza kuti ali ku gehena. Zocita zake tiyenera kuzichula ndi dzina lake lenileni, kuti ndi kupha. Mzimu wake tiusiye m'manja mwa Mwini ciweruzo.

Kodi Mkhristu aonere zotere?

Pali makolo amene anganene kuti kuonetsa coipa n'kuphunzitsa coipa, ndipo nkhawa yawo ili ndi maziko. Mu 1936 Papa Piyo XI adalemba kalata Vigilanti Cura yocenjeza za mphamvu ya mafilimu pa mitima ya acinyamata. Koma Msonkhano Waciwiri wa ku Vatican, m'cikalata cake Inter Mirifica ca 1963, udaonjeza pa nambala 7 kuti kufotokoza coipa kungathandize kumudziwa bwino munthu ndi kuonetsa ukulu wa cabwino, malinga ngati kucitika modziletsa. Pa nambala 10 udakumbutsa makolo udindo wawo woyang'anira zimene zimalowa m'nyumba.

Muyeso wake tsono ndi kufunsa ngati filimuyo ikukometsera coipa. Mafilimu ambiri amene ana athu amaonera m'tinyumba ta kanema pa msika amaonetsa wopha anthu ali ndi galimoto, akazi ndi ulemu. Pinkie alibe cimene mnyamata angasirire. Amagona m'cipinda cauve, sakhulupirira munthu aliyense, saseka, ndipo pa mapeto akuoneka monga alili, mwana wamantha. Pa muyeso umenewu Brighton Rock ikupambana mafilimu ambiri atsopano. Ngakhale zili conco, tikuvomereza kuti munthu amene mtima wake ndi wosweka pakali pano, kapena amene wangotaya mbale mwa kudzipha, asaionere. Bala laliwisi salikhudza. Ana aang'ono nawonso ayi. Ndipo poti ili m'Cingerezi, ambiri adzaidziwa pomva wina akuikamba, zimene n'zokwanira, monga nthano za agogo zinkatiphunzitsira popanda cithunzi.

Pa msonkhano wa mphakati kapena pa maphunziro a okonzekera ukwati, nkhani ya Rose ikambidwe ndipo pafunsidwe mafunso osavuta. Mtsikana woopsezedwa m'mudzi muno angapite kwa yani usiku? Mnyamata amene walakwa kwambiri akudziwa kuti angabwerere kunyumba ndi ku chalichi? Ana athu akamaliza katekisimu, amadziwa za cifundo ca Mulungu mofanana ndi m'mene amadziwira za cilango? Rose adazengereza pa mlatho paja cifukwa wina adamuphunzitsa ali mwana kuti moyo ndi wa Mulungu, ndipo kuzengereza kwa mphindi zocepako kudapereka mpata kwa anthu amene ankathamangira kudzamupulumutsa. Zonse ziwiri zidafunika, ciphunzitso ndi mapazi a anansi. Ambuye atipatse mphamvu yopereka zonse ziwirizi kwa ana a parokia yathu.